Script yanga ikufunsa Postfix njira ya adiresi, koma yankho likubwera pa imelo

Gulu: Akatswiri a Makompyuta Kunyanja

Lachitatu

Abiti Root: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Ndabwera ndi vuto, ndipo ndiyambe ndavomera kuti dzulo ndaphika nsima yosapsa kuntchito. Tili ndi seva yathu ya imelo pano pa boma, Debian 12 ndi Postfix, pulogalamu yolandira ndi kutumiza makalata. Ndalemba kapulogalamu ka Python koyenda kumbuyo ngati daemon, kolandira madandaulo a magulu a asodzi kuchokera ku fomu ya pa intaneti n'kuwapereka kwa woyenera mu ofesi. Ndikufuna kasanatumize kalata kazifunsa kaye seva kuti: adiresi iyi ilipo? Ngati ilipo, kalata yake itsikira kuti, m'bokosi la pa seva pompano kapena ituluka kunja? Ndinayesa `sendmail -bv` pa ma adiresi onse 340 a m'kaundula wathu. Sinandiyankhe pa terminal. Yangonditumizira makalata 340 m'bokosi mwanga.

Usipa404: 😂😂 Achemwali mwadzipanga spam nokha.

Abiti Root: Seka bwino mng'ono wanga, tsiku lako likubwera. Nkhani sinathere pamenepo.

Mai Admin: Malizani Abiti. Usipa, dikira kaye.

Abiti Root: Nditaona choncho ndinasintha, ndinalemba script ya bash yogwiritsa ntchito `postmap -q adiresi hash:/etc/postfix/virtual`, lamulo lofufuza adiresi mu tebulo la Postfix. Pamanja imayenda bwinobwino. Ndinaiika mu cron, pulogalamu yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti usiku uliwonse iziona kaundula, adiresi yomwe sinapezeke iziikidwa chizindikiro choti yafa. M'mawa ndikufika, ma adiresi onse 340 afa. Ya abwana yomwe. Madandaulo a ku Makanjira a m'mawa wonse sanafike kwa munthu aliyense.

Che Mlonda: Salaam aleikum nonse. Abiti, musanafotokoze zambiri, mu script yanuyo munalemba `postmap` yokha kapena `/usr/sbin/postmap`?

Abiti Root: Waleikum salaam Che Mlonda. Yokha.

Che Mlonda: Basi wakuba wagwidwa. Cron sakupatsani PATH (mndandanda wa mafoda ofufuzamo malamulo) imene mumakhala nayo mukalowa nokha ngati root. Nthawi zambiri amangopereka `/usr/bin:/bin`, pomwe postmap amakhala mu `/usr/sbin`. Ndiye shell inalephera kumupeza, n'kubweza nambala 127. Script yanu ndikukhulupirira inalembedwa kuti yankho lililonse losakhala 0 likutanthauza kuti adiresi kulibe. Postfix sanafunsidwe n'komwe usiku umenewo. Anthu 340 anaikidwa m'manda popanda woona mtembo.

Abiti Root: Ndendende. Ndinalemba `if ! postmap ...` basi. Manyazi bwanji.

Che Mlonda: Palibe manyazi, tonse tinadutsa momwemo. Koma musakonze PATH yokha n'kukagona. Vuto lenileni ndi loti script yanu imadziwa mayankho awiri, eya ndi ayi, pomwe mayankho alipo atatu. Lachitatulo ndi "pakadali pano sindikudziwa". Ndipo postmap payekha sakuthandizani kusiyanitsa: akapanda kupeza amabweza 1, akalephera kutsegula fayilo amabwezanso 1. Kusiyana kwake mukuona pa zimene walemba ku stderr.

KampangoMB: Ine ndingonena chimodzi kenako ndikhale chete. Exim.

Usipa404: Wayamba uja wa ku Monkey Bay.

KampangoMB: Sindikuyamba, ndikunena zoona. Funso la achemwali Exim, pulogalamu ina ya imelo yogwira ntchito ngati ya Postfix, analiyankha kalekale. Ukalemba `exim -bt munthu@example.org` amakuuza pompo pa terminal: router yakuti yagwira adiresi, transport yakuti ndi imene inyamule, host wake ndi uyu, MX yake (seva yolandira makalata a domain imeneyo) ndi iyi. Ikakhala alias, dzina longolozera ku adiresi ina, amakuonetsa mzere wonse, kuchokera pa dzina loyamba mpaka bokosi lomaliza. Satumiza kalata iliyonse. Ndipo mayankho atatu a Che Mlondawo ali kale mu exit code: 0 ngati njira yapezeka, 1 ngati sizinatheke kudziwa pakadali pano, 2 ngati yakanika kotheratu. Seva ya ku malo ogona alendo kumene ndimagwira ntchito ndimaifunsa choncho. Komanso Debian amasankha exim4 mwachibadwa, achemwali munachita kumuchotsa dala kuti mudzivutitse.

Abiti Root: Sindinamuchotse ine achimwene, ndinapeza zili choncho. Amene anaika seva anachoka ndisanabwere, ndipo sanasiye ngakhale kapepala.

Che Mlonda: Kampango sakunama, Exim pa nkhani iyi ndi wosavuta. Koma tiuze Abiti chifukwa chake, asaganize kuti Postfix ndi wopusa. Exim, amene analembedwa ndi Philip Hazel ku University of Cambridge mu 1995, ndi pulogalamu imodzi yaikulu, ngati Sendmail ya Eric Allman. Yemwe amalandira kalata, yemwe amasankha njira, yemwe amapereka, ndi munthu mmodzi yemweyo wangosintha chipewa. Ndiye ukamufunsa njira amadziwa yonse.

Postfix anamumanga mosiyana dala. Wietse Venema, amene anamutulutsa mu 1998 ali ku IBM, anali munthu wa zachitetezo, ndipo anagawa ntchito kwa timadaemon tambirimbiri kuti kamodzi kakathyoledwa wakuba asatenge nyumba yonse. Zotsatira zake n'zakuti palibe kamodzi kodziwa ulendo wonse wa kalata. smtpd ali pa geti, amalandira kapena kukana. cleanup ndi amene amasintha adiresi potsata virtual_alias_maps ndi canonical. trivial-rewrite ndi amene amati adiresi iyi ndi ya gulu lanji, local, virtual, relay kapena yakunja, n'kuona transport_maps kuti asankhe wonyamula ndi kolowera. Kenako kalata ikafika kwa local, iyeyo ndi amene amatsegula `/etc/aliases` ndi `.forward` ya munthu, ndipo kalata ikhoza kubwereranso pamzere ndi adiresi ina.

Zili ngati munthu wochokera ku Blantyre wopita ku mudzi wa kuseri kwa Namwera. Wa minibasi amadziwa mpaka pa boma la Mangochi. Wa galimoto yowoloka mlatho wa Bakili Muluzi n'kukwera phiri amadziwa mpaka pa Namwera. Kuchoka apo ndi wa kabaza. Mukafunsa wa minibasi za njira ya kabaza akuuzani zongopeka.

N'chifukwa chake `sendmail -bv` ya Postfix imayankha pa imelo. Sifunsa munthu mmodzi, imatumiza kalata yoyesera kuti iyende ulendo wonse, kudutsa pamzere, mpaka pa khomo la wolandira, kugogoda osapereka kanthu, kenako lipoti libwerere kwa inu. Zimenezo zikhoza kutenga sekondi imodzi kapena nthawi yaitali, ndiye sangakuimitseni pa terminal.

Abiti Root: Dikirani Che Mlonda. Mpaka pa khomo la wolandira? Kutanthauza kuti ma adiresi a Gmail amene ali m'kaundula mwathu, seva yanga inakagogodadi ku Google?

Che Mlonda: Inakagogodadi. Inatsegula SMTP, chilankhulo chimene ma seva a imelo amayankhulana, inanena MAIL FROM, inanena RCPT TO, n'kutsanzika isanafike pa DATA. Kamodzi si mlandu. Koma mukamachita zimenezo usiku uliwonse pa ma adiresi mazana, eni ma seva akuluakulu amakuonani ngati munthu woyendayenda m'mudzi n'kumayesa zitseko. IP yanu ikadetsedwa, kuiyeretsa ndi ntchito ya masabata.

Usipa404: Ine ndili ndi nzeru. Ngati trivial-rewrite ndi amene amasankha njira, bwanji daemon ya achemwali ingolankhula naye mwachindunji? Ndaona socket yake ili mu `/var/spool/postfix/private/rewrite`. Python imatha kutsegula unix socket. Palibe kudikira imelo, palibe kuyambitsa process yatsopano.

KampangoMB: Mwana uyu ndi woopsa.

Usipa404: Woopsa kapena wanzeru? 😎

Che Mlonda: Zonse ziwiri, ndipo n'chifukwa chake ndikuyankha mofatsa. Werenga dzina la foda imeneyo, Usipa. Akuti private. Mwini wake ndi user postfix, ndipo wina aliyense kupatula root saloledwa kulowamo. Ndiye kuti daemon ya Abiti, imene ikulandira zolembedwa ndi anthu osawadziwa kuchokera ku fomu ya pa intaneti, iyenera kuyenda ngati postfix kapena root. Wapereka makiyi a nyumba yonse kwa mnyamata woimirira pamsewu.

Chachiwiri, chilankhulo chimene timadaemon ta Postfix timayankhulana m'katimo si cha anthu akunja. Palibe amene anakulonjeza kuti chikhala chomwecho ukadzapanga upgrade. Lero chiyenda, mawa `apt upgrade` yadutsa, daemon yangoti zii, ndipo wolemba uja ali ku sukulu ku Zomba sakuyankha foni.

Chachitatu ndanena kale. Ngakhale akuyankhe, trivial-rewrite ndi wa minibasi uja. Akuuza kuti transport ndi local, koma sakudziwa kuti mu `/etc/aliases` dzina limenelo likupita kwa anthu asanu, awiri a iwo ali kunja.

Usipa404: Chabwino ndagonja. Koma tsiku lina ndidzayesa pa laputopu yanga.

Che Mlonda: Pa laputopu yako yesa, uphunzirapo zambiri. Pa seva ya anthu ayi.

Bonya Solar: Moni mabwana. Mabatire a 100Ah afika, ndi ma inverter omwe. Amene ma seva awo akumazima magetsi akathima ndiimbireni, ndili pafupi ndi msika.

Mai Admin: Bambo Bonya, malonda ndi Loweruka, mukudziwa. Ndisiya uthengawu chifukwa Abiti akufunikadi batire, koma kachiwiri ndichotsa.

Abiti Root: 😅 Zoona, UPS yathu imagwira mphindi khumi basi. Koma tibwerere. Ndiye ndikakonza PATH, postmap ikwanira?

Che Mlonda: Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa osadziwa kuti agwa. `postmap -q` amafunsa tebulo limodzi funso limodzi, ndendende mmene mwalembera. Postfix weniweni sachita choncho. Akalandira `madandaulo+makanjira@example.org` amayesa yonseyo, ikapanda kupezeka amachotsa `+makanjira` n'kuyesanso, kenako amatha kuyesa dzina lokha, pomaliza amayesa `@example.org`. Buku la postmap lenilenilo limachenjeza zimenezi. Ndiye postmap akhoza kunena kuti kulibe pomwe Postfix akanalandira. Kuti script yanu ifanane naye muyenera kulembanso malamulo ake onse pamanja, n'kumawasintha nthawi iliyonse wina akakhudza `main.cf`.

Onjezerani apo kuti amawerenga fayilo ya `.db`, osati ya malemba imene mumatsegula ndi nano. Wina akasintha `virtual` n'kuiwala kuyendetsa `postmap /etc/postfix/virtual`, maso anu aona china, seva iona china.

Ngati mwaumirira postmap, osamuyambitsa ka 340. Lembani `postmap -q - hash:/etc/postfix/virtual` n'kumupatsa ma adiresi onse pa stdin, akubwezerani okhawo amene awapeza. Ndipo dzina la tebulo musalilembe pamanja, funsani `postconf -h virtual_alias_maps`.

KampangoMB: Kapena Exim.

Mai Admin: Achimwene a ku Monkey Bay, tamva.

Lachinayi

Abiti Root: Mwadzuka bwanji. Usiku ndaganiza. Mwina ndinafunsa funso lalikulu kuposa limene ndikufunikira. Pa ma adiresi a mu ofesi mwathu, chimene daemon ikufuna kudziwa n'chakuti seva ilandira kapena ikana. Zoti kalata ikathera bokosi liti ndimafuna ine monga munthu, osati pulogalamu.

Che Mlonda: Tadzuka Abiti. Mwafika pamene ndimafuna mufike nokha. Ngati funso ndi limenelo, funsani wa pa geti, pa khomo limene aliyense amalowera. Daemon yanu itsegule SMTP ku localhost, port 25, ichite chonchi:

```
EHLO localhost
MAIL FROM:<>
RCPT TO:<munthu@example.org>
RSET
QUIT
```

Yankho la RCPT TO ndi limene mukufuna. Loyamba ndi 2, monga 250, walandira. Loyamba ndi 5, monga 550, wakana. Loyamba ndi 4, monga 450 kapena 451, akuti bwerani nthawi ina. Mayankho atatu aja. Ndipo chilankhulo ichi sichisintha ndi upgrade: chinalembedwa ndi Jon Postel mu RFC 821 mu 1982, chinakonzedwanso mu RFC 5321 mu 2008, manambala ake ndi omwewo. Mawa Kampango akakunyengererani n'kusamukira ku Exim, daemon yanu siisintha ngakhale mzere umodzi. Python ili ndi smtplib kale, simufunika kuyambitsa shell, simufunika root.

Usipa404: Nanga VRFY? Ndimaona ngati ndi lamulo lopangidwira zimenezi.

Che Mlonda: Linapangidwira zimenezo, koma otumiza spam analigwiritsa ntchito pokolola ma adiresi, ndiye ambiri analitseka. Mu Postfix ndi `disable_vrfy_command`. Ena amangoyankha 252 pa chilichonse, kutanthauza kuti sindikutsimikizira koma bweretsa ndiyese. RCPT TO sangaitseke chifukwa popanda iyo imelo kulibe.

Abiti Root: Ndayesa tsopano lino. Ya abwana 250. Dzina lopeka, `palibemunthu@` domain yathu, nalonso 250. 🤔

KampangoMB: Mmm. Achemwali yang'anani mu virtual, fufuzani mzere woyamba ndi @.

Abiti Root: Ee! Ulipo, pansi penipeni. `@` domain yathu, kenako adiresi ya Gmail. Ya munthu uja anaika seva.

Usipa404: Iiii 😳

Mai Admin: Abiti, dzina lake musalitchule pano chonde.

Abiti Root: Sinditchula mayi. Koma ndiye kuti zaka zonsezi kalata iliyonse imene munthu walakwitsa chilembo chimodzi yakhala ikupita kwa munthu amene sagwiranso ntchito kuno. Ndakhala pansi kaye.

Che Mlonda: Musafulumire kumuyesa wakuba. Ambiri amaika catch-all, mzere wolandira dzina lililonse losapezeka pa domain, pamene akuyesa seva yatsopano kuti kalata isasowe, n'kuiwala. Ine ndinachitapo. Koma auzeni abwana lero lomwe, polemba, musanachotse. Ndipo sungani kope la fayilo mmene ilili ndi deti lake. Kenako chotsani mzerewo, yendetsani postmap, muyesenso.

Taonani kuti postmap -q wanu uja sakanakuonetsani zimenezi ngakhale mutamuyendetsa chaka chathunthu. Akanangonena kuti `palibemunthu` kulibe, inu n'kukhutira, pomwe makalata akutuluka pa zenera.

KampangoMB: Apa ndivomere, `exim -bt` ikanaonetsa tsiku loyamba, koma RCPT TO nayo yagwira. Tigawane mapointi.

Abiti Root: Ndachotsa. Tsopano dzina lopeka likubweza 550, User unknown. Koma ndayendetsa kaundula yense ndipo pakati pa ulendo seva yandidula. Ikuti 421, too many errors. Isanadule inayamba kuchedwa.

Che Mlonda: Wa pa geti watopa nanu. Postfix amawerenga zolakwa pa kulumikizana kumodzi. Zikapitirira `smtpd_soft_error_limit`, imene mwachibadwa ndi 10, amayamba kuchedwetsa mayankho. Zikafika pa `smtpd_hard_error_limit`, imene ndi 20, amadula. Adiresi iliyonse yokanidwa imawerengedwa. Musakweze manambalawa pa port 25, akukutetezani kwa anthu oyesa zitseko aja. Njira yophweka: daemon izitseka n'kutsegulanso pakapita ma adiresi angapo. Njira ina: mu `master.cf` onjezerani smtpd wachiwiri womvera pa 127.0.0.1 pokha, pa port ina, wokhala ndi malire akeake. Ndipo 421 imeneyo iikeni m'gulu la "sindikudziwa". Musaphenso anthu.

Abiti Root: Sindiphanso 🙈 Ndalemba kuti adiresi iikidwe chizindikiro pokhapokha yabweza 550 masiku atatu otsatizana, ndipo ngakhale apo isachotsedwe, ingonditumizira uthenga.

KampangoMB: Onjezerani china achemwali. Ngati usiku umodzi ma adiresi opitirira khumi asintha kuchoka pa amoyo kupita pa akufa, script iime isalembe kanthu. Anthu sachoka ntchito khumi usiku umodzi. Chikachitika choncho ndiye kuti chadwala ndi seva kapena DNS. Ine zinandichitikira mvula itagwetsa netiweki kuno. Mwayi wake Exim anabweza 1 osati 2, koma script yanga yoyamba inali ngati yanu, sinkasiyanitsa. Alendo amene anasungitsa malo a Khirisimasi ku Cape Maclear anatsala pang'ono kufufutidwa onse.

Usipa404: Ndiye nawenso unaphapo anthu, ukungokhala ngati mngelo.

KampangoMB: Ndinatsala pang'ono, ndatero.

Abiti Root: Funso lina. Ma adiresi akunja, a Gmail ndi ena, onse akubweza 250 pa localhost ngakhale opeka.

Che Mlonda: Inde, chifukwa localhost ali mu `mynetworks`, ndipo seva yanu imalandira chilichonse chopita kunja kuchokera kwa anthu ake. 250 ameneyo akungotanthauza kuti ndinyamula, sakutanthauza kuti wolandira alipo. Postfix ali ndi `reject_unverified_recipient` ndi daemon yotchedwa verify, imene imakagogoda kunja n'kusunga yankho kwa kanthawi. Inapangidwira makamaka seva yoima kutsogolo kwa seva ina yanu yomwe. Kuigwiritsa ntchito pa ma seva a eni ake ndi kuyesa zitseko kuja.

Pa akunja chitani ziwiri. Onani ngati domain ili ndi MX, kapena A ngati MX palibe, zimenezo zigwira amene alemba gmial m'malo mwa gmail ngati domain yolakwikayo kulibe. Kenako tumizani kalata yeniyeni yokhala ndi link yoti munthu adine. Palibe script imene ingakuuzeni kuti mlembi wa komiti ya ku gombe la Malindi amatsegulabe bokosi lake.

Abiti Root: Ambiri a iwo satsegula n'komwe, amafuna WhatsApp. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Lachisanu

Usipa404: Akuluakulu ndili ndi funso langa pa nkhani yomweyi. Ndaika Exim pa laputopu kuti ndione zimene achimwene akudzitama nazo. Ndalemba daemon yotsegula `exim -bt` kamodzi kokha popanda adiresi, kuti ikhale yotsegula ndizingoiponyera ma adiresi pa pipe. Pa terminal imandipatsa > n'kumayankha bwino. Mu Python yangoima, osayankha osafa.

KampangoMB: Takulandira m'banja. Vuto lako ndi la pipe. Mapulogalamu ambiri akaona kuti akulemba ku terminal amatulutsa mzere uliwonse pompo, akaona kuti ndi pipe amasunga mpaka zichuluke. Mbali yakonso, ngati sunapange flush ukalemba adiresi, sinachoke n'komwe m'manja mwako. Ndiye iwe ukudikira yankho, iye akudikira funso, ngati anthu awiri okumana pa kanjira aliyense akuti dutsani. Komanso sudziwa kuti yankho latha pati, chifukwa alias imodzi ikhoza kutulutsa mizere iwiri kapena makumi awiri. Ndipo wataya exit code ya adiresi iliyonse, chimene chinali chokoma chake.

Ingoyambitsa exim pa adiresi iliyonse ndi `subprocess.run`, umupatse timeout, usunge mayankho kwa mphindi zingapo kuti usafunse chimodzimodzi kawiri. Pa ma adiresi mazana ochepa seva siimva n'komwe.

Che Mlonda: Ndipo umupatse ngati mndandanda wa mawu, osati chingwe chimodzi chodutsa mu shell. Adiresi yochokera ku fomu ndi mlendo. Wina akalemba yokhala ndi `;` kapena `$`, shell iyendetsa zimene walembazo. Wina akalemba yoyamba ndi `-`, exim aiyesa option. Ika `--` patsogolo pa adiresi. Exim ndi setuid root, ndiye kuti amayenda ndi mphamvu za root, si pulogalamu yoipatsa zinyalala.

Nzeru yako ya kusunga router yotsegula si yachilendo ayi. ZMailer, imene inayambira ku University of Toronto, inali ndi router ngati pulogalamu payokha, ndipo smtpserver wake amatha kuiyambitsa n'kumaifunsa pa pipe. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mbali zonse ziwiri zinalembedwa kuti zizimvana.

KampangoMB: China Usipa: `-bt` ndi `-bv` si mapasa. `-bt` imaonetsa mmene kalata ingayendere popereka. `-bv` imaonetsa mmene adiresi ingayesedwere potsimikizira, ndiye imadumpha ma router olembedwa `no_verify` n'kugwiritsa a `verify_only`. Ukafuna kudziwa chimene munthu wakunja angayankhidwe, pali `exim -bh` ndi IP yake, imene imayerekeza kukambirana konse kwa SMTP ndi ma ACL omwe.

Abiti Root: Inenso ndili ndi chotsala. Daemon ndaiika pansi pa systemd, ndinakopera unit ya pa intaneti yokhala ndi zotetezera zambiri. Kufunsa pa SMTP kukuyenda. Koma uthenga wondichenjeza uja, umene umatuluka kudzera pa `/usr/sbin/sendmail`, sukufika. Ndipo `/var/log/mail.log` kulibe kuti ndione.

Che Mlonda: Debian 12 saika rsyslog mwachibadwa, ndiye log ili mu journal. Yesani `journalctl -t postfix/postdrop` ndi `journalctl -u` dzina la daemon yanu. Ndikuganiza mupeza Permission denied pa maildrop. Onani ngati unit yanu ili ndi `NoNewPrivileges=yes`. Lamulo la sendmail limaitana postdrop, amene ndi setgid kuti athe kulemba mu maildrop, ndipo NoNewPrivileges imaletsa setuid ndi setgid kugwira ntchito. Musachotse chotetezeracho. Muli kale ndi smtplib m'manja, tumizani chenjezolo pa SMTP yomweyo.

Abiti Root: Ilipo, mzere wachisanu ndi chiwiri. Che Mlonda mumaona bwanji seva yanga muli ku Namwera?

Che Mlonda: Sindikuiona, ndikungokumbukira zanga. Nthawi yakwana, ndikupita kukaswali. Ndikabwerako ndiona ngati pali china.

Mai Admin: Pitani bwino Che. Abiti, zikatheka mulembe mwachidule zimene mwachita tiziike mu mafayilo a gulu, funso ili lidzabweranso.

Abiti Root: Ndilemba mayi. Chenjezo lafika tsopano, ndayesa ndi dzina lopeka. Abwana ayankha za catch-all ija, akuti ndimulembere mwaulemu munthu uja atitumizire makalata a ofesi amene ali nawo. Ndapezanso ma alias anayi mu `/etc/aliases` olozera kwa anthu amene anachoka, onse akubweza 250 chifukwa dzina la alias lilipo. Amenewo wa pa geti sangawaone.

KampangoMB: Amenewo ndiye ntchito ya `sendmail -bv` yanu ija. Anayi okha, pamanja, muwerenge malipoti.

Usipa404: Anayi achemwali. Osati 340.

Abiti Root: Iwe, daemon yako yadzuka?

Usipa404: Ikadali chiimire. Ndaiwala kuipha, yadya batire yonse ya laputopu ndipo magetsi kuno kwa Mpondasi athima. Bambo Bonya, ya 100Ah ija ndi zingati?

Mai Admin: Loweruka.